Ng'oma Imene Fanizo Saimva

Chaka chimene masukulu anangokhala otseka chifukwa aphunzitsi ambiri anali atapita kukasaka moyo kunja, ana a ku Ingezi, m'tauni ya Kadoma, ankangoyendayenda m'misewu ngati mbuzi zopanda mbusa. M'masitolo munali mashelefu okhaokha. Mari, monga amatchulira ndalama kumeneko, inkasungunuka m'manja: imene wagwira m'mawa, pofika madzulo sinkagula ngakhale kamtolo ka masamba. Anyamata okulirapo ankasowa mmodzimmodzi. Ukafunsa kuti uje ali kuti, ankangokuyankha kuti ali ku Chakari, ndipo aliyense ankadziwa kuti wapita kukalowa m'maenje a golide pamodzi ndi makorokoza, anthu okumba popanda chisoti kapena chilolezo.

Limeneli ndilo linali vuto la a Jailosi ndi akazi awo, mayi Aida. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Fanizo, anali atafika msinkhu woti mawu ayamba kukula, ndipo analibe chochita kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mnzake wapamtima, Admire, anali atapita kale ku Chakari. Akabwera kudzacheza ankabwera atavala nsapato zatsopano, n'kumamunong'oneza Fanizo kuseri kwa mpanda. Mayi Aida sankagona tulo tabwino. Ankaopa kuti tsiku lina adzadzuka n'kupeza mphasa ya mwana wawo itazizira.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkamusungabe mnyamatayo pakhomo: manja ake sankadziwa kukhala chete. Akamutuma kumjigo, ndowa inkasanduka ng'oma. Akakhala podya sadza, nsima ya kumeneko, mbale inkalira. Chitseko, mpando, mawondo ake, zonse zinkaimbidwa. A Jailosi zimenezi zinkawapsetsa mtima kuposa njala.

"Iwe, siya phokoso limenelo," ankatero. "Pano si pabwalo la gule."

"Hongu, baba," ankavomera Fanizo, amene Chichewa ankachimva bwino koma poyankha ankathamangira ku Chishona, monga ana ambiri a kumeneko. Bambo ake akangopotoloka, zala zinkayambanso.

Chodabwitsa n'chakuti kuseri kwa nyumba yomweyo kunali ng'oma yeniyeni, yaikulu, yopangidwa ndi mgolo wachitsulo. Zikopa zake a Jailosi anazidula okha ndi mpeni, ndipo tsopano mgolowo unangogona pafupi ndi chimbudzi, nkhuku ikuikiramo mazira. Inali ng'oma ya Beni, gule uja amuna amavina atandandalika pamzere ngati asilikali, atavala khaki ndi mamendulo a zivindikiro za mabotolo. A Jailosi anabadwira papulazi ina pafupi ndi Chegutu, pamene bambo awo anafikira kuchokera ku Malawi. Ku Malawiko a Jailosi anali asanapondeko phazi, koma Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ndiwo ankaimba ng'oma imeneyo, komboni yonse n'kugwedezeka.

Zonsezo zinatha nthawi ya kulanda mapulazi a azungu. Nkhani ya minda ndi ya eni ake, ife sitilowamo. Koma tsiku limene gulu la anthu linafika pakomboni, ena mwa iwo anapeza makhaki a Beni m'nyumba mwa a Jailosi. "Kani ndinu asilikali a mzungu, inu mabhurandaya?" anatero, ndiye kuti anthu a ku Blantyre, obwera, opanda kwawo. Anawaveka makhakiwo a Jailosi ndi anzawo n'kuwavinitsa padzuwa mpaka miyendo inakana, anthu akuseka, akazi ndi ana awo akuonerera. Chichokereni papulazipo, a Jailosi analumbira mumtima kuti mwana wawo sadzadziwika ndi chilichonse cha ku Malawi. Mgolo anabwera nawo ku Ingezi poti anaikamo mapoto ndi mabulangete basi.

Tsiku lina masana kunabwera mayi Roselyn, oyandikana nawo nyumba. Mayiwa kale ankagwira ntchito yodinda maluwa pansalu kufakitale ya ku Chegutu, mpaka pamene makina anayamba kuzima limodzilimodzi. Nawonso anali mwana wa munthu wa ku Malawi amene anakalambira mumgodi. Ataona ana akungozungulira, anapempha holo ya tchalitchi n'kuyambitsa kalabu ya zaluso ya achinyamata.

"Mwaswera bwanji, bambo a Fanizo?" anatero atakhala pampando umene mayi Aida anawapatsa. "Ndabwera ndi nkhani ziwiri. Yoyamba, mwana wanu wakhala akubwera kukalabu. Ndati ndisamusunge mobisa, makolo ayenera kudziwa. Mwanayu ali ndi manja, ndikukuuzani. Akangogwira chigubu ana onse amasiya zimene akuchita."

A Jailosi anayang'ana akazi awo. Mayi Aida anayang'ana pansi, poti iwo ankadziwa kale.

"Yachiwiri ndi pempho," anapitiriza mayi Roselyn. "Ine ndimadziwa nsalu ndi utoto. Atsikana zimawagwira mtima, koma anyamata akufuna ng'oma. Ndinamva kuti inu ndinu munali katswiri wa Beni kupulazi. Bwanji muzibwera kudzawaphunzitsa, ngakhale kamodzi pasabata?"

"Anakuuzani zimenezo ndani?" anafunsa a Jailosi, nkhope itachita mdima.

"Aa, zinthu zabwino sizibisika."

"Mayi, inu ndi ine ndife amodzi, ndiye ndilankhula mosabisa. Kwa eni kulibe mkuwe. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ine ndinaona zimene ndinaona, ndipo mwana wanga sindifuna kuti azilozedwa chala pamsewu. Akhale ngati ana a anthu ena onse."

"Ana a anthu enawo ndi amene akupita kumaenjewa, bambo a Fanizo. Kukalabu timakumana masana, zitseko zili zotsegula, akuluakulu timakhala awiri nthawi zonse. Nyimbo za zipani sitilola. Abusa akudziwa, akhansala akudziwa. Mwana akakhala ndi pokhala komanso munthu wamkulu womuyang'anira, za ku Chakari amaziiwala."

"Ndamva," anatero a Jailosi, mawu amene pakamwa pawo ankatanthauza kuti nkhani yatha. Mayi Roselyn anatsanzika mwaulemu. Atachoka, mayi Aida anayesa kulankhulapo.

"Bambo a Fanizo, musiyeni mwana azipita. Bola kumeneko ndimadziwa kumene ali."

"Azipita kukadinda nsalu ngati akufuna. Za ng'oma ndakana."

Koma ndani analetsapo madzi kutsetsereka? Patapita masabata angapo, a Jailosi ankachokera kumsika kumene ankagulitsa maloko ndi mahinjesi akale. Podutsa pafupi ndi tchalitchi anamva chinthu chimene chinawaimitsa panjira. Ana ankaimba m'Chichewa chopotoka, zigubu zikulira pambuyo:

"Sitima yandisiya pa Chegutu,
amayi musalire, ndibwera ndi mvula."

Inali nyimbo yawo ya kupulazi, yomwe ija anaimbitsidwa padzuwa tsiku lija. Fanizo pa nthawiyo anali wamng'ono. Za manyazi a bambo ake sanazimvetse, iye anangosunga nyimboyo. A Jailosi analowa muholomo osaodira. Anapeza mwana wawo ali kutsogolo, chigubu pakati pa miyendo, nkhope ikuwala ndi thukuta ndi chimwemwe, ana ena atandandalika pamzere akuyesa kuguba. Anamugwira pamkono n'kumudzutsa, chigubu n'kugubuduka.

"Ndinakuuza chiyani?"

"Baba, handina kutadza. Sindinalakwe kanthu. Ndi nyimbo yanu yomwe."

"Nyimbo yanga inafa. Iwe ukufuna tauni yonse idziwe kuti pakhomo paja pali mabhurandaya? Taona msinkhu wako, ukusewera ndi zigubu amayi ako akugona ndi njala. Ngati manja akukuyabwa, pita nawo kumene anzako akupeza mari. Ng'oma sidyedwa."

Mayi Roselyn anayesa kulowererapo. "Bambo a Fanizo, tiyeni tikambirane panja, osati pamaso pa ana." Koma a Jailosi anali atatuluka kale, akumukoka mnyamatayo. Panjira yonse Fanizo sanalire. Kunyumba anadya sadza mwakachetechete, manja ali phee, ndipo a Jailosi anaganiza kuti apambana.

Sabata isanathe, Fanizo anapita ku Chakari ndi Admire. Anangouza amayi ake pachipata kuti, "Baba ndiwo anena." Mayi Aida atafotokoza zimenezi, a Jailosi anati mawu aja anali a mkwiyo chabe, mwana wanzeru akanadziwa. Koma sanapite kukamutenga. Ndipo pamene Admire anabweretsa kathumba ka ufa ndi botolo la mafuta ophikira kuti watumiza Fanizo, a Jailosi anadya n'kunena kuti mwana wakula. Mayi Aida anaphika, koma iwo sanadye.

Mvula itayandikira, masana ena kunaima kagalimoto pachipata. Admire anatsika atamugwirira Fanizo, amene ankayenda mopepesuka ngati woledzera, m'khosi muli magazi ouma ochokera m'makutu. Admire anafotokoza mwachibwibwi kuti anthu a dzenje loyandikana anayatsa zophulitsira miyala osachenjeza, pamene Fanizo anali pansi, kuseri kwa khoma lopyapyala. Dothi silinamukwirire, koma kuphulikako kunamupeza pafupi.

"Fanizo, mwana wanga," anaitana mayi Aida. Mnyamatayo anangowayang'ana milomo.

Kuchipatala namwino anamupima ndi zochepa zimene anali nazo, n'kuwauza zoona. Khutu lakumanzere linali litaferatu. Lakumanja linkamva pang'ono, monga amamvera munthu amene wamira m'madzi. Anawalangiza kuti asathiremo mafuta kapena mankhwala azitsamba, asalole madzi kulowamo, ndipo abwerenso mafinya akayamba. Zoti adzamvanso ngati kale, anati asayembekezere.

Kuyambira pamenepo pakhomo pa a Jailosi panakhala bata limene ankalifuna lija, ndipo linali lowawa. Fanizo ankakhala pakhonde tsiku lonse, manja ali pamawondo. Ndowa ankabwera nayo mwakachetechete. Anzake anasiya kubwera poti kucheza naye kunali kofuula. A Jailosi ankamuyang'ana n'kumva chisoni chimene sanachimvepo ngakhale tsiku lija la kupulazi. Kupulazi anawalakwira anthu ena, koma apa mawu amene anatumiza mwana kudzenje anatuluka pakamwa pawo. Ankafuna kumupepesa, koma kupepesa kofuula kuti anthu oyandikana nawo amve kunkawakanika, ndipo konong'ona mwanayo sakanakumva.

Mayi Roselyn anabweranso. Anapeza a Jailosi akuwongola misomali yakale pamwala.

"Ngati mwabwera kudzandiuza kuti munanena, nenani," anatero a Jailosi osadzutsa mutu. "Ndikuyenera."

"Sindinabwere kudzakuimbani mlandu. Anzathu achishona amati dai ndakaziva haitungamiri, ndikanadziwa sakhala patsogolo. Madzi akatayika saoleka. Koma ine ndili ndi anyamata ena kuholo kuja amene miyendo ili kale panjira ya ku Chakari. Chichokereni Fanizo, zigubu zinangoti zii. Ena asiya kubwera. Nanga tidikire kuti nawonso abwere pagalimoto?"

"Ndiye ndikaphunzitse ana a eni, wanga nditamuwononga?"

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Komanso wanuyo sanafe. Akufunika kutuluka pakhonde paja, akhale pakati pa anzake. Kalabu si ya ana akumva okha."

A Jailosi anatulutsa chimene chinali pansi pa mtima. "Nanga akayambanso kutitchula maina aja?"

"Bambo a Fanizo, inu mwabisala zaka zonsezi. Anasiya kutitchula? Ine bambo anga anafera mumgodi wa dziko lino, ine ndinabadwira kuno, inu munabadwira kuno, ana athu anabadwira kuno. Wonyoza anyoza ngakhale titakhala chete. Koma mwana akakula akuona bambo ake akuchita manyazi ndi zimene ali, amayesa kuti iyenso ndi wachabe, ndiye moyo wake amauponya m'dzenje lililonse. Sindikukuumirizani. Mungobwera mudzakhale kumbuyo, muone."

Mayi Aida, amene ankamvetsera ali pakhomo, ananena mawu ochepa. "Pitani. Ulendo uja munakana, ine ndinalankhula kamodzi n'kukhala chete. Ulendo uno sindikhala chete."

A Jailosi anapita Lachitatu masana, n'kukhala pabenchi ya kumbuyo chipewa chili m'manja. Ulendo woyamba uja mkwiyo unawatseka maso, koma tsopano anaona. Pakona ina atsikana ankadinda nsalu za matumba a ufa pogwiritsa ntchito makatoni obooledwa maluwa, utoto wake wa dothi lofiira ndi mwaye. Pakona ina bambo wina wachikulire, a Yobu, amene kale ankawotcherera zitsulo, ankaphunzitsa ana kupinda mawaya kuti apange njinga ndi mbalame zogulitsa pamsewu wa ku Bulawayo. Ena ankakonzekera sewero la kusamba m'manja, poti kolera anali atayamba kumveka. Panalibe amene ankafunsa mnzake kuti kwanu n'kuti.

Kenaka kunabwera mtsikana wina wamaso akuthwa, n'kugwada pang'ono akuomba m'manja mwa Chishona. Mayi Roselyn anawanong'oneza kuti ameneyu ndi Vimbai, ndipo bambo ake ndi mmodzi mwa anthu amene analandira minda kumapulazi a ku Chegutu.

"Sekuru," anatero mtsikanayo, akuwatchula agogo, "nyimbo ija ya sitima Fanizo anatiphunzitsa theka. Imatha bwanji?"

A Jailosi anatembenukira kwa mtsikanayo. Mwana wa anthu omwe aja, akupempha nyimbo yomwe ija. Anamuyang'anitsitsa kufuna kupeza chipongwe pankhope pake, koma anangopezapo mwana wofuna kudziwa mathero a nyimbo. Anatsokomola, n'kuimba motsitsa mzere wotsalawo. Ana amene anali pafupi anasiya mawaya awo n'kusendera.

Mawa lake a Jailosi anathamangitsa nkhuku mumgolo muja, nkhukuyo ikudandaula ngati munthu wa lendi wotulutsidwa popanda notisi. A Yobu anawongola pamene panapindika. Chikopa cha ng'ombe anachipeza kwa munthu wina wopha nyama, posinthanitsa ndi maloko awiri. Ntchito yonse a Jailosi anaichitira kuholo kuti ana aone: kuviika chikopa, kupala ubweya, kuboola m'mphepete, kukoka zingwe mbali ndi mbali kuti chisapendekeke. Anyamata amene anasiya kubwera aja anayamba kusuzumira pawindo, kenaka analowa, kenaka ankakanganirana kukoka zingwe. A Jailosi anadabwa kuona kuti ana amene ankawayesa opanda mwambo ankamvera bwino munthu akawapatsa ntchito yeniyeni m'manja.

Fanizo yekha ndiye ankakana. Bambo ake akamukodola kuti tiye, ankapukusa mutu. Tsiku limene ng'oma inauma, a Jailosi sanamukodole. Anakhala pansi pakhonde pambali pake, n'kuika ndodo yoimbira ng'oma pamiyendo pake, n'kudikira. Anakhala choncho mpaka mthunzi unasuntha. Pomaliza mnyamatayo anatola ndodoyo n'kuimirira.

Kuholo zinthu sizinayende. Ana atayamba kuimba, Fanizo anamenya ng'oma, koma poti sankamva nyimbo, ankatsogola kapena kutsalira. Mzere wa ovina unasokonekera. Anayambiranso, zinachitikanso chimodzimodzi. Mwana wina wamng'ono anaseka, ndipo ngakhale Fanizo sanamve kusekako, anakuona. Anaponya ndodo pansi.

"Handinzwi, baba," anatero mokweza, monga amalankhulira anthu osadzimva okha. "Sindikumva. Mukundivutitsiranji?"

A Jailosi anadziwa kuti mawu aliwonse sakanamufika. Ataima choncho anakumbukira mmene iwo anaphunzirira. Pabwalo la Beni phokoso limakhala lalikulu moti mawu a mphunzitsi samveka, ndiye bambo awo sankaphunzitsa ndi pakamwa. Ankaima kumbuyo kwa wophunzira n'kumaimba ng'omayo pamsana pake ndi zikhatho, dzanja lamanja paphewa lamanja, lamanzere paphewa lamanzere, mpaka thupi ligwire lokha.

Anatola ndodo ija n'kuibwezera m'manja mwa Fanizo. Anamusendeza kuti mimba yake igunde mgolo, kuti kulira kwake azikumva m'thupi. Kenaka anaima kumbuyo kwake n'kuika zikhatho pamsana pake. Chibwerereni ku Chakari, aka kanali koyamba kumukhudza mwana wawo. Anagwedeza mutu kwa Vimbai kuti ayambitse nyimbo, iwo n'kuyamba kumenya pamsanapo pang'onopang'ono.

Poyamba msanawo unali wouma ngati thabwa. Kenaka ndodo inagwa pamodzi ndi chikhatho, kamodzi, kawiri, n'kupitirira. Mzere wa ovina unawongoka. Mapazi a ana anayamba kugunda simenti nthawi imodzi, ndipo Fanizo anayang'ana mapaziwo n'kuwagwira ndi maso. Patapita nthawi a Jailosi anachotsa manja awo mwakachetechete, ng'oma n'kumapitirira yokha. Anatuluka panja ngati akukataya madzi, n'kukalira kuseri kwa holo kumene ana sakanawaona.

Miyezi yotsatira a Jailosi sankaphonya tsiku la kalabu. Ana onse anawaphunzitsa ndi njira ya pamsana yomweyo, moti Fanizo sanaoneke wosiyana ndi anzake, ndipo posakhalitsa iyenso ankaima kumbuyo kwa ana ang'onoang'ono n'kumawaphunzitsa. Anyamata aja amene miyendo inali panjira ya ku Chakari anakhala. Njala sinathe, ndipo kunena kuti ng'oma inadzaza matumba a ufa kungakhale kunama. Koma anyamatawo anali ndi kumene ankayembekezeredwa masana aliwonse, ndi munthu wamkulu amene ankafunsa akapanda kuoneka. Masukulu atatsegulidwanso, ambiri mwa iwo anabwerera m'kalasi ali ndi ziwalo zonse. Admire yekha sanabwerere. Anasamukira kumaenje ena akutali, ndipo amayi ake mpaka lero amafunsa aliyense wochokera kumeneko.

Nyengo yozizira itafika, mipingo ya ku Chegutu inakonza tsiku la zaluso za achinyamata, ndipo kalabu ya ku Ingezi inaitanidwa. A Jailosi anakana zoti ana avale makhaki, ndipo mayi Roselyn sanawaumirize. Atsikana anasoka malaya a matumba a ufa n'kuwadinda mizere yofiira, mamendulo n'kukhala a zivindikiro za mabotolo monga kale. Anapita palole ya munthu wina wa mumpingo, ng'oma itamangidwa pakati.

Pabwalopo panadzaza anthu. Ng'oma ya Fanizo italira, kuchokera m'khamulo munatuluka nkhalamba zimene a Jailosi anali asanazione chichokereni kupulazi, ena ogulitsa nkhuni, ena olima maganyu m'minda ya eni atsopano. Analowa pamzere kumbuyo kwa ana ndi nsapato zawo zong'ambika, mapewa ali m'mwamba. Amayi ankalulutira. Vimbai anatsogolera nyimbo m'Chichewa chake chopotoka, bambo ake akuomba m'manja kutsogolo. Dzina lija lonyoza a Jailosi analimva kamodzi, kuchokera kwa munthu wina woledzera kumbuyo, ndipo anthu amene anali naye pafupi anamukhalitsa chete.

Gule atatha, Fanizo anabwera kwa bambo ake thukuta lili chuchuchu, akumwetulira monga ankamwetulira kale. Anafunsa mokweza, anthu oyandikira onse n'kumva.

"Baba, aimba bwino? Nyimbo ija inamveka bwino?"

A Jailosi anamuyang'ana m'maso. Ana aja anali ataimba bwino kuposa mmene inkaimbidwira kupulazi, ndipo mwana amene anaisunga nyimboyo, amene anaibweretsa ku Ingezi, ndi yekhayo pabwalo lonselo amene sanaimve. Anangogwedeza mutu mwamphamvu n'kumugwira paphewa.

Pamapeto mayi Roselyn anawapempha kuti alankhule kwa makolo. A Jailosi sanali munthu wa misonkhano, ndipo analankhula mwachidule.

"Makolo anzanga, ine ndinali ndi luso m'manja, ndinalibisa chifukwa cha mantha ndi manyazi. Mwana wanga anali ndi luso lomwelo, ndinamuletsa. Ndinkati ndikumuteteza kwa anthu onyoza, koma ndinamukankhira kudzenje. Kunyozedwa kumapola, makutu a mwana wanga sadzapola. Mwana wanu akapeza malo abwino ophunzirira kuimba, kujambula kapena kusoka, musamuletse muli kunyumba. Pitani mukaone ndi maso anu, mufunse amene akuwayang'anira, mukhale nawo. Ndipo ngati mukudziwa kanthu, kaya n'kuluka, kaya n'kusema, kaya ndi gule wa makolo anu, kaperekeni kwa ana a m'dera lanu. Musadikire ngati ine."

Anthu onse pabwalopo anamva mawu amenewa, kupatula Fanizo, amene anaima pambali pa ng'oma akuyang'ana milomo ya bambo ake.

Luso la mwana si phokoso, ndipo luso la kholo si la kubisa. Mwana akalisonyeza, mupatseni malo ndi munthu wamkulu womutsogolera lero lomwe, akadali pakhomo ndiponso akadatha kukumvani.